Snyder Cut inatuluka kale, nanga mfuu ikupitiriranji?

M'mahositelo mwathu muno muli mikangano itatu yomwe siitha ngakhale mayeso atayandikira. Woyamba ndi wa mpira, wachiwiri ndi wofuna kudziwa amene wamaliza shuga wa mnzake, ndipo wachitatu ndi wa Marvel ndi DC, makampani awiri a ku America omwe amapanga nthano za ngwazi zamphamvu zodabwitsa. Mkangano wachitatuwu uli ndi kamwana kake. Pakati pa okonda DC enieniwo pali gulu lomwe mpaka lero limakhulupirira kuti Zack Snyder analandidwa ntchito yake mopanda chilungamo, ndipo kuti tsiku lina kampani ya Warner Bros. idzachita manyazi n'kumuitana kuti adzajambule Justice League yachiwiri ndi yachitatu. Nafenso tinaimbako nyimbo imeneyi, ndiye zomwe tinene pano musazitenge ngati zochokera kwa adani.

Maganizo athu ndi akuti masapota a Snyder anali ndi mfundo pomwe ankamenyera kuti filimu yoyamba ituluke momwe mwini wake anaikonzera. Koma nkhondo yomwe akumenya tsopano, yofuna mafilimu otsatira, ndi ina ndithu, ngakhale yavala malaya omwe aja.

Kwa inu amene simutsatira za mafilimuwa, nkhani inayenda motere. Justice League ndi gulu la ngwazi zisanu ndi imodzi: Batman, Superman, Wonder Woman, Flash, Aquaman ndi Cyborg. Snyder anali atatsogolera kale kujambula kwa Man of Steel mu 2013 ndi Batman v Superman mu 2016, momwe Superman amafa kumapeto. Filimu yachitatu inayenera kusonkhanitsa gulu lonse, monga Marvel inachitira ndi The Avengers mu 2012 n'kukolola madola oposa 1.5 biliyoni. Vuto linali lakuti olemba za mafilimu ambiri anali atainyoza Batman v Superman kuti ndi yamdima komanso yopanda poseka, ndipo mabwana a kampani anali atayamba kale kunjenjemera.

Kenako kunagwa zovuta. Mu March 2017 mwana wamkazi wa Snyder, wazaka 20, anamwalira atadzipha. Bambo wake anayesa kudzikwirira mu ntchito, koma mu May iye ndi mkazi wake Deborah, yemwe ankayendetsa nawo filimuyo, analengeza kuti akuisiya kuti akakhale ndi banja lawo. Kampani inapereka ntchito yomalizitsa kwa Joss Whedon, yemwe uja anapanga The Avengers. Whedon analembanso mbali zambiri, anajambulanso kwa milungu ingapo, anathira nthabwala, ndipo mabwana analamula kuti zonse zikwane m'maola awiri. Ngakhale woimba nyimbo za m'filimumo anasinthidwa, Danny Elfman n'kulowa m'malo mwa Junkie XL.

Chomwe chinatuluka pa 17 November 2017 chinali ngati chitenje chosokedwa ndi atelala awiri osalankhulana. Chomwe anthu amakumbukira kwambiri ndi pakamwa pa Superman. Henry Cavill anali atasunga ndevu za pamlomo wam'mwamba chifukwa cha filimu ina, Mission: Impossible – Fallout, ndipo eni filimuyo anakana kuti amete. Warner Bros. inazifufuta ndi kompyuta, ndipo ngwazi yamphamvu kuposa zonse inaoneka ngati yalumidwa ndi njuchi pamlomo. Filimu yomwe akuti inadya madola pafupifupi 300 miliyoni inapeza pafupifupi 658 miliyoni padziko lonse. Kwa ife ndalama zimenezi n'zosawerengeka, koma zinachepera ngakhale zomwe Wonder Woman anapeza ali yekha chaka chomwecho. Ngwazi zisanu ndi imodzi kulephera kupeza zomwe mmodzi mwa iwo anapeza payekha, apo kampani inadziwa kuti yagwa nayo.

Sabata isanathe anthu oposa 100,000 anali atasaina chikalata cha pa intaneti chopempha kuti filimu ya Snyder yeniyeniyo itulutsidwe. Mfuu yawo inali #ReleaseTheSnyderCut. Kwa zaka ziwiri ndi theka anasekedwa ngati anthu olota masana. Ambiri odziwa za mafilimu ankati chinthu chotere kulibe, ndipo ngati chilipo n'zidutswa zosamalizidwa zomwe palibe kampani ingataye ndalama kuzisoka. Iwo sanabwerere m'mbuyo. Mu July 2019 anasonkha ndalama n'kuchita hayala ndege yaing'ono yomwe inakoka nsalu ya uthenga wawo pamwamba pa msonkhano wa Comic-Con ku San Diego. Mu October analipira zikwangwani za magetsi ku Times Square, mumzinda wa New York. Pa 17 November 2019, filimu itakwanitsa zaka ziwiri, Ben Affleck ndi Gal Gadot, omwe amasewera Batman ndi Wonder Woman, analowa nawo m'mfuuyo pa Twitter. Snyder mwini wake ankakolezera moto poika zithunzi pa tsamba la Vero.

Pali chinthu chimodzi chomwe onyoza gululi amakonda kuchilumpha, ndipo ife sitichilumpha. Pokumbukira mwana wa Snyder, masapotawa ankagawa ndalama zomwe asonkha, zina n'kupita ku bungwe la American Foundation for Suicide Prevention, lomwe limalimbana ndi vuto la kudzipha. Pofika 2021 anali atapereka madola oposa theka la miliyoni. Ndi magulu angati a okonda zosangalatsa omwe angaloze chinthu chotere? Ife kuno timavutika kusonkha ya mpira umodzi wa timu ya kalasi.

Pa 20 May 2020 Snyder analengeza kuti filimu ija ituluka, ndipo inatulukadi pa 18 March 2021, yotalika mphindi 242, yogawidwa m'mitu isanu ndi umodzi ndi mawu otsiriza. Olota aja ndiwo ankanena zoona. Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, ndipo mwina ena ku Warner Bros. ankayembekeza zomwezo. Nyangayi sinafote. Ngakhale olemba ambiri omwe sakonda ntchito za Snyder anavomereza kuti iyi inaposa ya 2017.

Ifenso tikuvomereza, ndipo chifukwa chathu chachikulu ndi Cyborg. Mu filimu ya 2017 iye anali mnyamata wachitsulo wongoima pambali, woitanidwa pakafunika wolumikiza mawaya. Mu ya 2021 timamudziwa Victor Stone, wophunzira pa yunivesite komanso katswiri wa mpira wa ku America, yemwe bambo wake Silas, wasayansi wotanganidwa, sankabwera kudzamuonerera. Ngozi ya galimoto ikupha mayi wake, iye n'kutsala chidutswa cha munthu, ndipo bambo uja akumupulumutsa pogwiritsa ntchito bokosi lochokera kudziko lina. Victor akudzuka ali wamoyo koma thupi lake lambiri ndi makina, ndipo sakudziwa ngati athokoze kapena adane naye amene wamuchita zimenezi. Pali pena pomwe akuphunzira kuti angathe kulowa m'kompyuta iliyonse padziko, kuphatikizapo za mabanki ndi za zida zankhondo, ndipo choyamba chomwe akuchita ndi kuika ndalama mu akaunti ya mayi wina wovutika yemwe wathamangitsidwa m'nyumba. Pambuyo pake Silas akupereka moyo wake mwana wake akuona. Zonsezi Whedon anazidula kapena kuzisintha. Aliyense wa ife amene anakula ndi bambo wopezeka pa nkhani ya fizi yokha anamva kenakake pamenepo, ndipo sizinafunike kudziwa dzina la ngwazi iliyonse kuti umve.

Ray Fisher, yemwe amasewera Cyborg, ndiye analipira mtengo waukulu pa nkhani yonseyi. Mu July 2020 ananena poyera kuti Whedon ankazunza ndi kunyoza anthu pa nthawi yojambulanso. Kampani inafufuza, n'kunena mu December kuti yachitapo kanthu, osafotokoza zambiri. Whedon amakana zonsezi. Fisher anakangananso ndi mabwana a DC ndipo anachotsedwa mu filimu ya The Flash. Kutuluka kwa filimu ya maola anayi ija kunaonetsa dziko ntchito yomwe mnyamata wachikuda ameneyu anagwira n'kubisidwa kwa zaka zitatu. Pa chifukwa chokhachi, mfuu ija inali yoyenera.

Sitikunena kuti filimuyo ilibe banga. Ndi yaitali mopitirira. Ena anawerengera n'kupeza kuti pafupifupi mphindi 24 ndi za zithunzi zoyenda pang'onopang'ono, ndipo pali pomwe amayi a m'mudzi wina wa ku Iceland akuimba nyimbo yonse Aquaman atalowa kale m'nyanja, mmodzi n'kumanunkhiza juzi yomwe wasiya. Amene tinaonera pa laputopu imodzi tili asanu ndi awiri, batire likuopseza, tinafuna kumupempha mayiyo kuti afulumire.

Koma banga lenileni lili kumapeto, ndipo ndi pamene mkangano wa lero unabadwira. Nkhani itatha bwinobwino, mdani Steppenwolf atagonjetsedwa, filimu ikupitirira. Tikuona mbuye wake Darkseid akukonza zobwera yekha kudziko lapansi. Tikuona loto la Batman la dziko losanduka chipululu, Superman atasanduka woipa, Batman akuyenda ndi Joker. Kenako Martian Manhunter akutera pakhomo pa Bruce Wayne kudzadzidziwitsa. Mbali ya Joker ija Snyder anaijambula mwatsopano mu October 2020, akudziwa bwino kuti kampani sinalonjeze filimu ina. Apa tikumudzudzula ngakhale timamukonda. Munthu amene wapatsidwa mwayi womaliza nyumba yake n'kusiya dala zitsulo zitatulukira padenga, akuuza aliyense wodutsa kuti nyumba yosanja ikubwera. Masapota anawerenga uthengawo momwe unalembedwera. Sabata imodzi yokha filimu itatuluka, mfuu yatsopano ya #RestoreTheSnyderVerse inalembedwa koposa miliyoni imodzi pa tsiku limodzi, ngakhale Ann Sarnoff, yemwe ankatsogolera nthambi ya mafilimu ya kampaniyo, anali atanena kale kuti ulendo wa Snyder wathera pa mafilimu atatuwa.

Kusiyana kwa mapempho awiriwa n'kwakukulu. Loyamba linali lofuna chinthu chomwe chinalipo. Zithunzi zinali zitajambulidwa mu 2016, zinali pa kompyuta ya Snyder, ndipo chomwe chinkafunika ndi ndalama zomalizitsira, zomwe akuti zinakwana madola pafupifupi 70 miliyoni. Linali pempho loti munthu amene anasiya ntchito ali pa maliro abwezeredwe ntchito yake. Lachiwiri likufuna chinthu chomwe kulibe. Palibe chithunzi ndi chimodzi chomwe cha Justice League yachiwiri chomwe chatsekeredwa m'kabati. Kuti ipangidwe pafunika madola mamiliyoni mazanamazana, zaka zingapo, ndi anthu asanu ndi mmodzi omwe moyo wawo unapita kwina. Affleck ananena yekha kuti kujambula Justice League inali nthawi yowawa kwambiri pa ntchito yake. Ezra Miller, wosewera Flash, analowa m'mavuto ndi apolisi mu 2022, ndipo The Flash itatuluka mu 2023 inaluza ndalama zambiri. Cavill anaonekera kumapeto kwa Black Adam mu October 2022 n'kulengeza kuti wabwerera ngati Superman, koma pofika December anauzidwa kuti ayi. Snyder naye anapita ku Netflix kukapanga Army of the Dead ndi Rebel Moon. Kuyambira kumapeto kwa 2022 DC ili m'manja mwa James Gunn ndi Peter Safran, omwe anayamba nthano zonse pachiyambi, ndipo Superman wawo, David Corenswet, anaonekera mu July 2025.

Anzathu a m'chipinda choyandikana amayankha kuti, "Kalenso ankati n'zosatheka." N'zoona. Koma tiyeni tikumbukire chifukwa chomwe zinathekera. Chilengezo chija chinabwera pa 20 May 2020, ndipo pa 27 May kampani inatsegula HBO Max, njira yake yoonetsera mafilimu pa intaneti yopikisana ndi Netflix. Nyumba zoonetsera kanema zinali zotseka chifukwa cha Covid-19, kujambula mafilimu atsopano kunali kutaima, ndipo kampani inkasowa chokokera anthu kuti alembetse. Filimu yojambulidwa kale, yokhala ndi gulu la anthu oitsatsa mwaulere usana ndi usiku, inali ngati nyama yogwera pakhomo. Mfuu ya masapota inathandiza, koma chomwe chinatsegula chitseko ndi masamu a kampani. Masamu omwewo anaonekanso mu August 2022, pomwe eni atsopano a Warner Bros. anataya filimu ya Batgirl itajambulidwa kale yonse, itadya madola pafupifupi 90 miliyoni. Anthu anadandaula, osewera ndi otsogolera ake analira, koma mpaka lero sinatuluke. Kampani yomwe ingakwirire filimu yojambulidwa kale singayambe ziwiri zatsopano chifukwa choopa hashtag.

Chomwe chimatidetsa nkhawa koposa n'chomwe chipambano chija chinaphunzitsa ena m'gululi. Anaphunzira kuti phokoso limalipira, ndipo anaiwala kusiyanitsa phokoso ndi nkhanza. Olemba nkhani omwe anakayikira filimuyo anatukwanidwa, ena kuopsezedwa kumene. Godzilla vs. Kong itatuluka mu March 2021, ena anathamangira kukaipatsa mamalikisi otsika pa masamba oweruzira mafilimu pofuna kulanga Warner Bros., ngati kuti amene anavutika kupanga filimu ya anyani ndi abuluzi ija anali ndi mlandu. Mu July 2022 magazini ya Rolling Stone inalemba kuti kafukufuku yemwe kampani inachititsa anapeza kuti maakaunti osachepera 13 pa 100 alionse omwe ankakamba za Snyder Cut anali abodza. Snyder anakana kuti iye ankayendetsa zimenezo, ndipo masapota amanena moona kuti otsalawo anali anthu enieni. Komabe chiwerengerocho chiyenera kutichititsa kaye kakasi tisanagawire anzathu uthenga uliwonse wotentha womwe wafika pa foni. Ena mwa omwe tinkaganiza kuti tikufuula nawo limodzi sanali anthu n'komwe.

Ndipo pali kudzitsutsa komwe sitikuona wina akukuyankha. Mfundo yonse ya nkhondo yoyamba inali yakuti wopanga filimu asiyidwe achite zomwe zili mumtima mwake, mabwana asamulowerere. Koma Cavill atangochotsedwa, mfuu yomwe inamveka inali yoti Gunn achotsedwe ntchito, asanajambule ngakhale chithunzi chimodzi. Kenako kunabwera ina yoti nthano za Snyder zigulitsidwe ku Netflix. Ufulu womwe unali wopatulika pamene unali wa Snyder unasanduka mlandu utakhala wa munthu wina. Bwana wa suti amene analamula maola awiri mu 2017 tinamutcha wopondereza. Nanga khamu la anthu miliyoni lolamula amene alembedwe ntchito ndi amene achotsedwe, tilitcha chiyani? Kwa wopanga filimu, onsewa ndi anthu oima kumbuyo kwake akumuuza pogwira. Mwina khamulo n'loopsa kuposa, chifukwa bwana uli naye poti n'kukambirana, pamene khamu silikhala pansi.

Wina afunsa kuti kodi kuyembekeza n'kulakwa? Ayi. Itati ituluke mawa, tidzakhala oyamba kufunafuna amene ali nayo pa fulashi. Snyder anafotokoza kale m'macheza osiyanasiyana momwe nkhani inayenera kuyendera: Darkseid apha Lois Lane, Superman wosweka mtima agwa m'manja mwake, dziko liwonongeka, Flash abwerera m'mbuyo mwa nthawi kukakonza zinthu, Batman afa populumutsa Lois, ndipo patapita zaka mwana wa Superman avala chovala cha Batman. Ndi nthano yokoma kuimva. Koma tazindikira kuti mbali ina ya kukoma kwake ndi yakuti sinajambulidwe. Filimu ya m'mutu ilibe mayi wonunkhiza juzi, ilibe wosewera wotopa, ilibe bwana wodula bajeti. Aliyense amaionera momwe akufunira, ndipo palibe filimu yeniyeni yomwe ingapikisane nayo. Okonda Marvel asaseke msanga. Iwo anapatsidwa mathero abwino mu Avengers: Endgame mu 2019, Iron Man atafa ndipo anthu atalira m'nyumba zoonetsera kanema. Kampani sinathe kuima, inatulutsa mafilimu ndi masewero a pa TV mpaka owatsatira anayamba kutopa, ndipo mu July 2024 inalengeza kuti Robert Downey Jr. yemwe uja akubwerera, ulendo uno ngati Doctor Doom. Amene amapempha zowonjezera nthawi zina amapatsidwadi.

Pali chinanso chomwe timaiwala tikamakuwa kuti Snyder ali nafe ngongole ya mafilimu awiri. Iye ananena kuti sanalandire malipiro pomalizitsa filimu ya 2021, pofuna kuti pasakhale womuuza chochita. Munthuyu anabwerera ku ntchito yomwe anaisiya pa nthawi yowawitsitsa ya moyo wake, n'kuimaliza. Nkhani ya bambo ndi mwana yomwe ili pakati pa filimuyo inalembedwa zovutazo zisanagwe, koma n'zovuta kuionera lero osaganiza za amene anaima kumbuyo kwa kamera. Victor akumvetsera mawu omwe bambo wake anamusiyira pa tepi, mawu omwe analephera kumuuza ali moyo.

Usiku womwe tinaonera, Martian Manhunter atangouluka kuchoka pakhomo pa Bruce Wayne, chipinda chonse chinaphulika. Wina ankati ameneyu ndiye adzatsogolere gulu mu yachiwiri, wina ankafunsa kuti nanga Green Lantern ali kuti, wina anali atatsegula kale foni kufufuza tsiku lomwe yotsatira ituluke. Pa laputopu paja chithunzi chinada, n'kutuluka mawu awiri okha opereka filimuyo kwa mwana wake uja. Mwa anthu asanu ndi awiri tinali m'chipindamo, anawaona ndi mmodzi, ndipo anachita kutibwezera m'mbuyo kuti nafenso tione.